Ng'ombe zobisa kwa achimwene zingagawidwebe

M'midzi ya ku Angónia ndi ku Tsangano nkhaniyi si yachilendo. Banja likatha, ankhoswe amakhala pansi, mai n'kupatsidwa mapoto, mphasa ndi matumba awiri a chimanga, bambo n'kulumbira kuti alibenso china. Pakatha chaka zimamveka kuti ng'ombe zinawoloka usiku kupita kwa achimwene ku Dedza, chigayo chinalembedwa dzina la mlongo, ndipo ndalama za reforma zakhala zikulowa mwezi ndi mwezi. Amai ambiri amangogwira pakamwa poganiza kuti mlandu unatha. Mlanduwo sunathe.

Lamulo la Banja la 2004, ngakhalenso la 2019 limene linalowa m'malo mwake, limati ngati anthu sanapangane mwina pokwatirana, chuma chopezedwa ali pabanja ndi cha onse awiri. Dzina lolembedwa pa pepala silifafaniza thukuta la amene analima mbatata ya kachewere nagula nayo ng'ombezo. Ukwati wa kutchalitchi ndi wa ankhoswe umazindikirika ukalembetsedwa ku Registo Civil. Okhala limodzi osalembetsa nawonso amawerengedwa pa nkhani ya chuma, malinga akwanitse zaka zimene lamulo limafuna.

Katundu amene sanatchulidwe pogawana angathe kupemphedwa kuti agawidwe pambuyo pake ku bwalo la boma, Tribunal Judicial do Distrito, monga la ku Ulónguè. Bwalo la m'mudzi ndi a nyakwawa amathandiza kuyanjanitsa anthu, koma alibe mphamvu zotsegulitsa mabuku a banki. Woweruza ndiye angafunse ku banki kapena ku INSS, kumene amasunga ndalama za ukalamba za anthu apantchito. Zikadziwika kuti bamboyo amalandira zoposa zimene ananena, ndalama zothandizira ana zingakwezedwe.

Koma bwalo silidya mphekesera. Pafunika malisiti, khadi la katemera wa ziweto, dzina la kampani imene bamboyo ankagwirako ku Moatize, ndi mboni zimene zinaona ng'ombe zikutuluka m'khola. Ankhoswe amene amadziwa zoona n'kukhala chete poopa kudana ndi mlamu, akuba nawo limodzi.

Chuma chimene chili kutsidya kwa malire n'chovuta kuchilondola, choncho kuchedwa kumapweteka. Wosowa ndalama za loya apite ku IPAJ, bungwe la boma lokhazikitsidwa mu 1994 loimira osauka pa milandu kwaulere, atatenga kalata ya umphawi yochokera kwa akuluakulu a dera lake.