Kodi pa mbale ya nsima timalipira chiyani?

Munthu amene analidziwa boma la Mzimba zaka khumi ndi zisanu zapitazo, akafika lero angathe kusokera. Ndalama za ku Joni zasintha nkhope ya tawuniyi. Anyamata athu amene amakwera mabasi kupita ku Johannesburg, monga ankachitira agogo awo masiku a Wenela ndi Teba, akhala akutumiza ndalama zomangira nyumba za malata amitundumitundu, mashopu ndi malo ogona alendo a mipanda ya njerwa. M'malo ogona alendowa ndi mmene mwabadwa malesitilanti amene ife a kumudzi timangowatcha kuti "apamwamba": pansi pali matailosi, matebulo ndi oyala nsalu, pakhoma pali wailesi yakanema, ndipo operekera chakudya amavala yunifomu.

Ine ndimaphunzitsa pa sekondale yoyendera ya kummwera kwa boma lino, ndipo ku tawuni ndimapitako kawiri kapena katatu pa teremu, kukaona za malipiro ku banki kapena kukakhala nawo pa msonkhano wa aphunzitsi. Chakudya chamasana pa maulendo otere chimadziwika kale. Kaya ndi kwa amayi ophika m'zisakasa za kumsika, kaya ndi pa chiwaya, pamene umaloza ndi foloko tchipisi chimene wachikonda, mnyamata n'kukuwazira mchere ndi tsabola. Malo apamwambawo timangowadutsa pa kabaza, n'kumaganiza kuti ndi a mabwana a m'mabungwe.

Mwezi watha, titamaliza msonkhano wa aphunzitsi a sayansi, ine ndi anzanga atatu tinagwirizana kuti tikaone tokha za mkati mwa amodzi mwa malo amenewa. M'matumba munali kangachepe ka alawansi. Dzina la malowo sinditchula, chifukwa zimene ndikufuna kukamba pano ndi za malo ambiri a mtundu umenewu, kuyambira pa Jenda mpaka ku Mzuzu.

Ndiyambe ndi zabwino, poti zinalipo. Tisanadye, mtsikana anabwera ndi jagi ya madzi ofunda, sopo ndi beseni, n'kutithirira mmodzimmodzi. Chimbudzi chinali chaukhondo, cha madzi otuluka pampope. Izi si zazing'ono. Tonse tikukumbukira kolera amene anabuka mu Marichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Kuyambira nthawi imeneyo, ndikaona beseni limodzi la madzi otuwa limene anthu khumi asambamo kale m'manja, njala imandithera pomwepo. Ngati gawo lina la ndalama zimene tinalipira linapita ku madzi ndi sopo, gawo limenelo sindikulidandaula.

Nkhuku ya lokolo nayo inali yophikidwa ndi munthu wodziwa ntchito yake. Anaiphika pang'onopang'ono mpaka nyama kumalekana ndi fupa, msuzi wake wa tomato ndi anyezi wosachulutsa mafuta, wogwira pa mbamu ya nsima. Nsimayo inali ya ufa woyera, yosalala, yotentha mpaka pakati. Pambali panali nkhwani wotendera, mphangwe monga timanenera kuno, ndipo nsinjiro zake zinali zatsopano, zopanda kafungo kaja ka mtedza wokhalitsa. Kungoti nkhwaniyo anaika pang'ono ngati mankhwala, masipuni awiri basi, pamene ndiwo imeneyi ndi imene inali yokoma koposa zonse pa tebulopo, komanso yotsika mtengo koposa kwa mwini malo.

Mnzanga wina anaitanitsa nyama ya ng'ombe yootcha. Apa ndiye panali manyazi. M'boma la Angoni, la a Inkosi ya Makosi M'mbelwa, kumene ng'ombe ndi chuma, ndi lobola, ndi ulemu wa bambo, munthu angakupatse nyama yolimba ngati mphira ya njinga? Mnzangayo analimbana nayo ndi mpeni, kenako ndi mano, mapeto ake anaikulunga m'pepala kuti akaiwiritsenso kunyumba. Anyamata a kanyenya a m'mbali mwa msewu wa M1 amadziwa mbali ya nyama yoyenera moto wamakala ndi yoyenera mphika. Wophika wa pa malo a matailosi ayeneranso kudziwa.

Koma chimene chinatikhudza kwambiri ndi kalandiridwe. Pa pepala la zakudya panalembedwa zinthu zambirimbiri m'Chingerezi. Tinafunsa chambo, akuti chatha. Nyama ya mbuzi, yatha. Nsima ya mgaiwa, saphika. Bwanji osangotiuza poyamba zimene zilipo, monga amachitira mayi wa kumsika amene amakuvundukulira mapoto onse kuti uone ndi maso ako? Titasankha zimene zinalipo, tinadikira kupitirira ola lathunthu. Tili chidikirire, panafika galimoto yoyera ya bungwe lina, munatuluka anthu asanu a makiyi m'manja. Iwo analandiridwa pakhomo, anakokeredwa mipando, ndipo anadya, kusamba m'manja n'kunyamuka ife tisanaone ngakhale mchere. Titafunsa mwaulemu, yankho linali lakuti, "Pepani bambo, zikubwera," mtsikanayo maso ali kwina.

Mwina iwo anaimbiratu foni. Ngati ndi choncho, mawu awiri otifotokozera akanakwana. Koma mphunzitsi wa kumudzi amadziwa mmene nsapato zake zimaonekera akatsika kabaza m'nyengo ya fumbi, ndipo amadziwa pamene wayezedwa ndi maso kuchokera kumapazi. Ndalama ya K5,000 imene ili m'thumba mwanga ili ndi nkhope yomweyo ya Kamuzu imene ili pa ndalama ya bwana wa pa galimoto yoyera.

Kenako inabwera bilu. Mtengo wa mbale yanga imodzi, ya chidutswa chimodzi cha nkhuku, ukanandigulira nkhuku yamoyo yathunthu kumudzi kumene ndimaphunzitsa. Pansi pake anawonjezerapo ndalama zina za msonkho zimene pa pepala la zakudya panalibe. Msonkho sindikuukana, ndi lamulo. Koma munthu amene wawerengera ndalama zake asanalowe, n'kusiyako yokwanira yokwerera galimoto yobwerera, ayenera kuona mtengo wonse asanaitanitse chakudya. Mmodzi wa ife anachita kubwereka kwa mnzake pa tebulo pomwepo.

Pobwerera tinakangana za nkhaniyi njira yonse. Mnzanga wophunzitsa zaulimi anaikira kumbuyo eni malo, ndipo mfundo zake zinali zomveka. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mafuta ophikira, mpunga, sopo, mbale zadothi, zonse zinakwera. Magetsi akazima, mwini malo amaliza jenereta kuti nyama ya mufiriji isawole, pamene mafuta a jeneretayo amachita kuwagonera pa mzere. Pali lendi, ziphaso za ku khonsolo, ndi malipiro a antchito, amene boma linakweza mlingo wake wotsikitsitsa kufika pa K90,000 pamwezi mu 2024. Mayi wa kumsika alibe zambiri mwa zimenezi. Nkhuni, mapoto ndi manja ake ndiye mpamba wake wonse.

Zonsezi ndikuvomereza, ndipo n'chifukwa chake sindikunena kuti mbale ya pa malo apamwamba ikhale mtengo umodzi ndi ya m'chisakasa. Funso langa ndi lakuti, pa ndalama yowonjezerayo ndikugula chiyani? Ufa ndi womwewo. Tomato, anyezi ndi mbatatesi ndi za pa Jenda pomwepa, pamene aliyense wodutsa pa basi amagula pa zenera. Nkhuku yachokera kwa mlimi wa ku Embangweni kapena ku Edingeni amene anaibweretsa pa njinga. Chimene malo apamwamba angandigulitse choposa cha kumsika ndi ukhondo, mpando wabwino, nthawi yosungidwa ndi ulemu. Pa zinayi zimenezi tinapeza ziwiri zoyambazo. Nthawi ndi ulemu, zimene sizifuna jenereta kapena ndalama zakunja, ndi zimene zinasowa.

Ndikuganiza kuti gwero lake ndi lakuti malo ambiri otere sanamangidwire ife. Amadalira misonkhano ya mabungwe ndi ya boma, kumene wodya salipira yekha ndipo bilu imasainidwa ndi ofesi. Munthu wodya ndalama ya ofesi safunsa mtengo, ndipo mwini malo amazolowera kasitomala wosafunsa. Namwino, mphunzitsi, wapolisi kapena mlimi wa fodya amene wangogulitsa mabelo ake n'kufuna kusangalatsa mkazi wake, amaoneka ngati wongodzaza mpando. Komatu misonkhano imabwera ndi kupita, thandizo lakunja likachepa imayamba kutha ndi iyo. Ife a konkuno ndi amene tidzakhalepo chaka chonse, dzinja ndi malimwe.

Nkhani imeneyi inandikumbutsa zimene ndinawerenga za ku Mexico, dziko limene chimanga chathuchi chinachokera chisanafike mu Africa zaka pafupifupi 500 zapitazo. Kumeneko chimanga amachiwiritsa ndi laimu, kuchipera, n'kupanga tizitumbuwa topyapyala totchedwa tortilla. Akaika kanyama, anyezi ndi tsabola pakati n'kupinda, chimenecho ndiye taco. Ndi chakudya cha anthu wamba, chodyera chiimire m'mbali mwa msewu, chimodzimodzi kanyenya wathu. Masiku ano m'mizinda ya ku America ndi ku Ulaya muli malesitilanti apamwamba ogulitsa taco pa mtengo wokwera, ndipo kumenekonso anthu amakangana ngati ifeyo: kodi chakudya cha mumsewu chikalowa m'nyumba ya magalasi, chimakoma kuwirikiza monga mmene mtengo wawirikizira?

Mu Meyi 2024, buku lotchuka la Michelin, limene kampani ya matayala ya ku France inayamba kutulutsa mu 1900 ndipo limapereka nyenyezi kwa malo odyera abwino koposa, linapereka nyenyezi kwa kamalo kena ka mu Mexico City kotchedwa El Califa de León. Kamaloko n'kochepa ngati kagolosale, anthu amadya ataimirira, ndipo kamagulitsa mitundu inayi yokha ya taco. Oweruza anayang'ana nyama, moto ndi dzanja la wophika. Nditawerenga, ndinaganiza za mayi wina wa mumsika wa pa boma amene amaphika nyemba ndi nkhuku basi, koma pofika 1 koloko mapoto ake amakhala atapalidwa. Amadziwa amene amakonda chiwindi, amene sadya tsabola, ndi amene ndalama zamuthera pakati pa mwezi. Ukafika amati, "Mwafika asambizgi, khalani apa," ngakhale nsapato zili mbuu. Eni malo apamwamba atatumiza antchito awo kukakhala kwa mayi ameneyu sabata imodzi, angaphunzire zambiri.

Atsikana operekera chakudyawo sindikuwaimba mlandu wonse. Ena mwa iwo ndi ana athu omwe, amene anamaliza Folomu 4 m'masukulu ngati yanga, mayeso a MSCE osayenda bwino kapena fizi ya ku koleji n'kusowa. Amalembedwa ntchito lero, mawa n'kupatsidwa yunifomu popanda wowaphunzitsa kalandiridwe ka alendo. Amaimirira kuyambira m'mawa mpaka usiku. Akaona kuti bwana wa galimoto amasiya kenakake pa tebulo pamene mphunzitsi amawerenga chenji mpaka kandalama komaliza, n'zosadabwitsa kuti miyendo imathamangira kumene kuli kenakake. Wofunika kukonza zimenezi ndi mwini malo: awalipire bwino, awaphunzitse kuti woyamba kufika ndiye woyamba kudya, ndiponso kuti chakudya chikachedwa mlendo amauzidwa zoona.

Ndipempheko zinthu zochepa kwa eni malowa. Lembani mitengo pa bolodi panja, msonkho uli momwemo, kuti wolowa alowe akudziwa. Fupikitsani pepala la zakudya. Zisanu zimene zilipodi zikuposa makumi awiri zimene "zatha". Ndipo lekani kuchita manyazi ndi zakudya zathu. Chaka chilichonse mu Ogasiti, mwambo wa Umthetho umasonkhanitsa anthu pa phiri la Hora, ena ochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ena ku Zambia ngakhale ku South Africa, ndipo ambiri mwa iwo amagona ndi kudya pa boma pano. Munthu wochokera ku Johannesburg sanayende ulendo wonsewo kudzadya nkhuku ya chizungu ndi tchipisi, zimenezo wazisiya kwawo zochuluka. Akufuna nsima ya mgaiwa kapena ya mawere, nyemba zophikidwa mu mphika wadothi, nkhwani wodzaza mbale, bowa m'nyengo yake, ndi nyama ya ng'ombe yofewa yoyenera dzina la boma lino.

Pa pepala la zakumwa la malo amene tinapitako panali Fanta, Coca-Cola ndi madzi a m'botolo, zimene ndingagule pa golosale iliyonse pa theka la mtengo wawo. Chindongwa panalibe. Titafunsa, mtsikanayo anaseka koyamba tsiku limenelo, n'kutiuza kuti iye amamwa cha kwa azakhali ake kumsika akaweruka.