Kindle kapena tabuleti, poti ndalama ndi ya chimodzi

Aphunzitsi anzanga angapo akhala akundifunsa kuti pakati pa Kindle ndi tabuleti, chabwino n'chiti kwa munthu wokonda kuwerenga ali pa ulendo. Funsoli si lamasewera, chifukwa malipiro athu salola kugula zonse ziwiri.

Kindle, imene kampani ya Amazon inayamba kugulitsa mu 2007, ntchito yake ndi kuwerengerapo mabuku basi. Sikirini yake, imene amaitcha e-ink, imaoneka ngati pepala ndipo imadya moto makamaka potembenuza tsamba. Mukaitchaja kamodzi imatha milungu. Kwathu kuno, kumene timalipira kuti titchajitse foni kwa wa sola, imeneyi si nkhani yaing'ono. Ngakhale padzuwa la Okutobala, mukudikira kuti minibasi idzaze, zilembo zimaoneka bwinobwino. Pa tabuleti dzuwa lotero mumangoona nkhope yanu, ndipo mukaigwiritsa ntchito tsiku lonse batire silichedwa kutha.

Koma tiwerengapo chiyani? Apa ndiye pagona nkhani. Zambiri zimene mphunzitsi amawerenga zimabwera pa WhatsApp zili PDF: mapepala akale a mayeso a MSCE, silabasi, manotsi a Biology okhala ndi zithunzi zamitundumitundu. Tsamba la A4 likapanikizika pa kasikirini ka mainchesi 6, kopanda mitundu, zilembo zimasanduka nyerere, ndipo kuzikuza kumachedwa mpaka mtima kutopa. WhatsApp yeniyeniyo pa Kindle palibe. Fayilo muyenera kuitumiza pa imelo kapena kuikopera pa kompyuta ndi chingwe. Kompyutayo ili kuti?

Mabuku a ku Amazon nawo amafuna khadi ya kubanki yolipirira kunja, ndipo a Chichewa ndi osowa kumeneko. Aulere alipo ambiri pa Project Gutenberg, koma ochuluka ndi akale achingerezi, a Shakespeare ndi a Dickens. Wophunzitsa Literature angasangalale. Wa Agriculture apita chimanjamanja.

Ndiye ine ndimawauza kuti agule tabuleti ya mainchesi 10 ndi power bank yake. Ili ndi matenda ake, sindibisa. Mukangoyamba ndime yoyamba, gulu la banki m'khonde layamba kale kulira, kenako la kumpingo. Mankhwala ake n'kuzimitsa data musanakwere. Ndipo mukakhala mpando wa pazenera padepoti, igwireni ndi manja awiri, poti kuwala kwake kumaitana anthu ena osati owerenga.

Kindle asiyireni omeza manovelo achingerezi, makamaka amene ali ndi mbale ku Johannesburg woti angawatumizire yogwiritsidwapo kale.