Tisamangoloza dalaivala, msewu nawonso uyezedwe

Mvula ikangoyamba, nkhani za ngozi nazo zimayamba. Minibasi yagubuduka, lole yalowa m'dambo, amayi a geni aferamo ndi katundu wawo yemwe. Yankho timalidziwa kale: dalaivala amathamanga. Nthawi zambiri ndi zoona. Koma ife tikufunsa: nanga msewu uja anauyeza ndani?

Chimene chimaimitsa galimoto si buleki yokha ayi. Ndi timiyala tokhakhala ta pamwamba pa tala timene timagwira tayala. Zaka zikamapita, matayala amatipera timiyalato mpaka tiwale ngati mbale. Pena phula likachuluka limatumphuka ndi dzuwa la October n'kukwirira miyala yonse. Mvula yoyamba ikasakaniza fumbi ndi oilo, msewu umasanduka therere. Apo ngakhale dalaivala wofatsa amangoona galimoto ikupita yokha.

Anzathu a ndege anaphunzira izi kalekale. M'zaka za m'ma 1960, bungwe la NASA ku America linaonetsa kuti kudula timizere pamsewu wotera ndege kumathawitsa madzi, tayala n'kugwira pansi. Timizereto ndi tozama pafupifupi mamilimita 6 basi. Mphira wotsalira ndege zikamatera nawonso amauchotsa ndi madzi amphamvu.

Pa 17 July 2007, ndege ya kampani ya TAM inalephera kuima pabwalo la Congonhas mumzinda wa São Paulo ku Brazil mvula ikugwa, ndipo anthu 199 anafa. Ofufuza anapeza kuti injini imodzi inasiyidwa ikukankhirabe kutsogolo. Komabe msewu wa ndegewo unali utangothiridwa kumene phula, timizere tisanadulidwe, ndipo dzulo lake ndege ina yaing'ono inali itaterereka pomwepo. Chenjezo linalipo.

Kuyeza kuterera kwa msewu si matsenga. Ku Britain kuli galimoto yotchedwa SCRIM imene imathira madzi pamsewu n'kuyeza mmene tayala likugwirira. Palinso kachipangizo konyamula pamanja kamene kamagwira ntchito yomweyo. Pamalo poterera amathirapo miyala yatsopano yolimba, nkhani n'kutha.

Tsono pempho lathu kwa a Roads Authority ndi ili: yezani malo otsetsereka ndi okhota mvula isanagwe, monga Chiweta pa M1, Khwekhwerere ndi chitunda chotsikira ku Chikwawa. Zotsatira zake muziuze anthu poyera. Apolisi nawo polemba za ngozi azilembanso mmene msewu unalili. Mabwalo a Kamuzu ndi Chileka asaiwalidwe.

Ndalama? Kuyambira 2021 galimoto zimalipira pa toll gate ya Chingeni, kenaka ya Kalinyeke, ndipo ndalamayo imachoka m'thumba mwa wokwera. Wolipira ali ndi ufulu wofunsa.

Inunso madalaivala, tayala losalala ngati chipande likumane ndi msewu wosalala, maliro ake ndi omwewo. Chepetsani liwiro kukamagwa mvula.

Kukwirira maenje kokha sikokwanira. Msewu wopanda dzenje ukhoza kupha ndithu, ndipo madzi akatayika saoleka.