MPHATSO YOYAMBA NDI KULIPIRA

Abale okondedwa a m'makomboni ndi m'mahositelo muno m'Joni, nkhani iyi tiinena poyera, ngakhale ena atikwiyire. Pa mafoni athu pakuyenda uthenga wakuti mkuru wina wolemera wa ku America akugawa Bitcoin kwaulere, ndi kuti iye amene atumiza za R500 adzabwezeredwa za R1,000 dzuwa lisanalowe. Cotiwawa mtima ncakuti obwera nao uthengawu si alendo ai. Ndi abale athu omwe, amene auponya m'magulu a WhatsApp a mpingo, pakati pa cidziwitso ca maliro ndi ca kwaya, nalemba pamwamba pace kuti "Madalitso". Ife dzina limenelo tilikana. Kumeneko ndi kuba.

Taganizani bwino. Munthu wofuna kukupatsani mbuzi, kodi ayamba wakuuzani kuti mumtumizire nkhuku yanu, ati kuti adziwe njira ya ku khola kwanu? Kuti munthu alandire Bitcoin angopereka adiresi ya cikwama cace, basi. Tsono ali yense wonena kuti "yambani mwatumiza", kapena "lipirani pang'ono kuti mphatso yanu ituluke", wadziulula yekha. Ndipo dziwani kuti Bitcoin ikapita yapita. Iribe banki, iribe manejala woti mukamdandaulire, palibe munthu angathe kuibweza koma iye yekha amene waitenga.

Wina adzati, "Koma ine ndinaziona pa tsamba leni-leni la mwini wace." Inde, nzotheka. Pa 15 July 2020 akuba analowa m'kati mwa Twitter, imene tsopano ichedwa X, nalemba m'maina a Barack Obama, Joe Biden, Bill Gates ndi Elon Musk kuti adzabweza kawiri ndarama iri yonse yotumizidwa. Masambawo anali eni-eni, koma olembawo anali mbala. M'maola owerengeka anthu anataya zoposa $100,000, ndipo palibe analandirapo kanthu. Wotsogolera zonsezi anali mnyamata wa zaka 17 wa ku Tampa, ku Florida! Lero lino zinthu zanyanyira, pakuti makina atha kupanga nkhope ndi mau a munthu, kotero kuti pa YouTube mumuona Musk alikulankhula zimene sanalankhule konse. Ndipo aja oyamika kuti "ine ndalandira zanga" ndi maina abodza a mbala zomwezo. Cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Musati nza ku America zokha. Muno m'South Africa ambiri akumbukira MMM, imene inalonjeza 30 pa 100 mwezi uli wonse, nigwa mu 2016. Ndi Mirror Trading International ya ku Stellenbosch, imene inagwa mu December 2020 itameza Bitcoin ya anthu zikwi zambiri. Zimenezo zinabvala malaya a malonda, izi zabvala a mphatso, koma mbumba yace ndi imodzi.

Tsono tibwere kwa inu otumiza uthengawu. Mukuti, "Ine ndinangopereka, sindinakakamize munthu." Mau amenewa ngopanda pace. Mbale wa pa bedi la pafupi ndi lanu samdziwa Elon Musk, adziwa inu. Akuonani mukupemphera, adya nanu nsima m'mbale imodzi, ndipo akhulupirira cifukwa uthenga wacokera kwa inu. Ndarama imene ataya ndiyo ija anaisunga pogonera buledi ndi tiyi, kuti kumudzi agule feteleza mvula isanagwe, kapena kuti mwana asabwezedwe ku sukulu. Ena mwa ife alibe mapepala okwanira, naopa kufika ku polisi. Ena acita manyazi, nangokhala cete. Mbala zidziwa zimenezi bwino lomwe, ncifukwa cace zikonda anthu onga ife. Nanga mbale wotereyo akalephera kutumiza kanthu kwao mwezi uno, mkazi wace adzamuyesa ciani? Adzati wapeza banja lina ku Joni.

Tipempha akuru a mpingo ndi onse osunga magulu a WhatsApp kuti uthenga wotere aziufafaniza pomwepo, ngakhale woutumiza akhale dikoni. Amene ali naco cikwama ca Bitcoin asauze munthu mau ace acinsinsi aja 12 kapena 24, pakuti wakudziwa mauwo watenga zonse. Ndipo inu amene mwaberedwa kale, cenjerani ndi wakuba waciwiri, amene adzakulemberani kuti atha kukubwezerani zotayikazo mukamlipira pang'ono. Kawiri-kawiri ndi yemwe uja ndi dzina lina. Musamyankhe. Sungani mauthenga onse, muuze mkuru wa mpingo, ndipo apite nanu limodzi ku polisi ngati muopa kupita nokha.