Zamagetsi za kaunjika: funsani pepala musanatumize ndalama

Amalonda amene mumaoda mafoni, malaputopu, ma TV ndi mafiriji a kaunjika kuchokera kunja, pali lamulo limene linasintha pa 1 Januwale 2025. Silinapangidwe ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, koma likukhudza mpamba wanu.

Lamuloli lili m'pangano la Basel, limene mayiko anagwirizana mu 1989 ndipo linayamba kugwira ntchito mu 1992. Dziko la Malawi linalowamo mu 1994. Panganoli linabadwa chifukwa makampani a mayiko olemera ankataya zinyalala zapoizoni m'mayiko osauka, monga zinachitikira ku Koko ku Nigeria mu 1988, kumene kunatulidwa migolo ya zinyalala zochokera ku Italy. Mu 2022, mayiko a Ghana ndi Switzerland anatsogolera kuti panganoli likhwimitsidwe. Tsopano zinyalala zonse za zipangizo zamagetsi, zapoizoni ndi zopanda poizoni zomwe, siziyenera kuwoloka malire popanda chilolezo cholembedwa cha dziko limene zikupita, ndipo mayiko amene zikudutsamo ayeneranso kudziwitsidwa ndi kuvomera.

Mwina mukuti, "Ife sitigulitsa zinyalala." Zoona. Koma funso ndi lakuti chinyalala n'chiyani. Malangizo a panganoli amati chipangizo chogwiritsidwapo kale ntchito sichinyalala ngati chinayesedwa n'kupezeka kuti chikugwira bwino, chili ndi mapepala osonyeza zimenezi komanso chapakiridwa mosamala. Katoni ya malaputopu osayesedwa, oponyedwa pamodzi ngati mbatata, ikhoza kutengedwa ngati zinyalala.

Ine ndikuona kuti lamuloli ndi bwenzi la wamalonda wachilungamo. Tiwerengere limodzi. Tinene kuti mwaoda malaputopu 20 osayesedwa pa mtengo wotsika, ndiye 7 afika ali akufa. Ndalama zakunja, zomwe n'zosowa kale, mwalipira pa onse 20. Thiransipoti kuchokera ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe, kapena ku Beira kudzera pa Mwanza, mwalipira pa makilo onse. Msonkho wa MRA suchotsera akufawo. Ndiye kuti 13 amoyowo ndi amene asenze mtolo wonse, ndipo mtengo wotsika uja watha pomwepo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Amene anakugulitsani uja wapindula kawiri: walandira ndalama zanu, ndiponso wapulumuka ndalama zimene akanalipira kwawo kuti ataye zinthuzo motsatira malamulo. Ife tatsala ndi chiyani? Galasi la TV yachikale yamimba ija lili ndi mtovu. Masikirini ena akale ali ndi mercury. Anyamata akamawotcha mawaya kuti apeze kopa, utsi wake amapuma ndi ana a m'dera lomwelo. Lipoti la mabungwe a United Nations la 2024 linati mu 2022 dziko lapansi linatulutsa matani 62 miliyoni a zinyalala zamtunduwu, ndipo zosakwana kota ndi zimene zinatoledwa n'kukonzedwanso mwadongosolo. Mu Africa chiwerengerocho sichinafike ndi 1 peresenti yomwe.

Ena akudandaula kuti katundu woyesedwa ndi wodula, ndipo akunena zoona. Mtengo woodera ukwera. Amisiri okonza mafoni ku Limbe, ku Area 2 ku Lilongwe ndi ku Mzuzu nawonso amadalira mafoni akufa kuti apeze masipeya. Dandaulo lawo n'lomveka, ndipo boma lisalinyalanyaze. Koma sikirini imodzi yabwino isatichititse kulandira katoni yonse ya zinyalala. Sipeya yoyesedwa ikhoza kuodedwa payokha.

Ogula zitsulo zakutha, nanunso khutu pano. Ngati mumasonkhanitsa mabodi a makompyuta ndi mafoni kuti mukagulitse kunja, tsopano mukufunika chilolezo. Popeza dziko lathu lilibe doko la panyanja yamchere, katundu wopita kutsidya nthawi zambiri amadutsa ku Mozambique kapena ku Tanzania, ndipo nawonso ali ndi mawu pa katunduyo. Yambani mapepala msanga, musanalonjeze wogula tsiku.

Nazi zoyenera kuchita musanatumize ndalama. Funsani pepala losonyeza kuti chipangizo chilichonse chinayesedwa, lokhala ndi nambala yake, tsiku ndi dzina la woyesa. Onetsetsani kuti invoisi ikunena kuti katunduyo ndi wogwira ntchito. Pemphani zithunzi za mmene wapakiridwa. Gwirizanani polemba kuti chofika chakufa abweza ndalama. Akakana zonsezi, dziwani kuti akukugulitsani dzala.

Ku boma, pempho ndi limodzi. Bungwe loteteza chilengedwe la MEPA, mogwirizana ndi MRA, lilembe mwachidule, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, mapepala amene wamalonda ayenera kukhala nawo, ndipo liwakhome m'zipata zonse. Lamulo limene amalidziwa ndi wa pachipata yekha limasanduka njira yopemphera ya fanta. Wamalonda akalidziwa asananyamuke, amaoda katundu wabwino, ndipo wogula amapita kwawo ndi foni imene mawa iyakabe.