Moni wa M'mawa ndi Chipinda cha Dokotala

M'mawa uliwonse munthu amafunsidwa kuti, "Mwadzuka bwanji?" ndipo yankho lake limadziwika funsolo lisanathe. Ngakhale agogo amene achezera usiku wonse kuyang'ana kudenga mpaka tambala woyamba kulira, amayankha kuti adzuka bwino. Umenewu ndi ulemu, ndipo pabwalo ulibe cholakwa. Tsoka lake n'lakuti akuluakulu ambiri amalowa nalo yankho lomweli m'chipinda cha dokotala. Kumeneko amadandaula za mutu ndi mawondo, napatsidwa Panado, koma za tulo osatchula konse. Pajatu akale anati mbewa yamanyazi idafera kudzenje.

Ena amati kusowa tulo ndi ukalamba chabe. Ena akadzuka thupi lili lefu amaganiza za afiti, nayamba kukayikira abale awo omwe. Komatu achipatala amakuwerengera kuti ndi matenda ngati munthu akulephera kugona masiku 3 kapena kuposerapo pa sabata, kwa miyezi 3, ndipo masana akuvutika nazo. Kawirikawiri pamakhala china chobisala kumbuyo kwake. Shuga amadzutsa munthu kangapo kuti akataye madzi. Mtima wofooka umabanikitsa munthu akagona chagada. Chisoni cha maliro chikakhalitsa chimadzutsa wamasiye usiku ukadali pakati. Mankhwala nawonso amatero: efavirenz, amene ambiri ankamwa m'Malawi muno asanasinthidwire ku dolutegravir kuyambira mu 2019, ankadziwika ndi maloto oopsa, ndipo dolutegravir yemweyo amasowetsa tulo anthu ena. Mankhwala otere sasiyidwa mwa iwe wekha; amakambidwa ndi amene anawapereka.

Dokotala si wamaula. Pamzere pali anthu ambiri ndipo mphindi zake n'zowerengeka, choncho wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Apa mpamene mdzukulu wodziwa kulemba amakhala wofunika. Kwa masabata 2 alembe m'kope nthawi imene agogo agonera, kangati adzuka, anawodzera masana kapena ayi, ndi makapu a tiyi amene amwa dzuwa litapendeka, poti mphamvu ya tiyi ndi khofi imakhala m'thupi maola ambiri. Kachasu nayenso alembedwe, ngakhale agogo atakwiya: amagonetsa msanga koma amadula tulo pakati pa usiku. Kopelo lipite pamodzi ndi kabuku ka kuchipatala.

Pali umboni wina umene wodwala sangaupereke yekha. Munthu wochita mkonono samadzimva. Ngati mkononowo umaduka, mpweya nkuima kwa kanthawi kenaka munthu nkudzidzimuka ngati wotsamwa, amene amadziwa ndi mnzake wogona naye m'nyumba. Mwambo umati za kuchipinda sizituluka, koma izi zimakweza BP, ndipo agogo aakazi ayenera kuloledwa kuzinena.

Ndipo pasakhale kukhumudwa dokotala akakana kupereka mapiritsi ogonetsa. Diazepam ndi wa masiku ochepa okha; thupi limamuzolowera, ndipo okalamba amadzandira naye nkugwa popita kuchimbudzi usiku, chiuno nkuthyoka. Malangizo amene amathandiza kwa nthawi yaitali amamveka ngati opepuka: kudzuka ola limodzimodzi tsiku lililonse, kuchepetsa kugona masana, ndiponso tulo tikakana kwa mphindi ngati 20, kudzuka pamphasa nkukhala pampando, foni ili kutali, mpaka zikope zitalemera.