Wotchi ya pa outlet: yatsika, inde, koma kuchokera pati?

Chaka chikamapita kumapeto, nkhani za m'magulu athu a pa WhatsApp zimasintha. Za maliro ndi zopereka zimayamba kusakanikirana ndi za matikiti a ndege, makilo a katundu, ndi funso losatha lija: kumudzi tikawatengera chiyani? Chaka chino funso lomwe landipeza kangapo ndi la mawotchi. Wina akufuna yogulira bambo ake omwe akupuma pa ntchito. Wina akufuna ya amuna ake pokumbukira zaka khumi za ukwati. Wina sanabise n'komwe, akuti akufuna yoti akangotsika pa Chileka anthu adziwe kuti chisanu chonsechi sanachivutikire pachabe. Onsewa amva zoti ku masitolo a outlet wotchi ya dzina imatsika mtengo, ndiye akufunsa ngati n'zoona.

N'zoona ndithu. Koma mtengo wakale uja, wokhwatchidwa ndi kamzere pa kapepala, ndi umene ndikufuna tiuyang'anitsitse, chifukwa ndi umene umatiledzeretsa.

Kwa amene simunafikeko, outlet ndi malo omwe makampani a mayina akuluakulu amagulitsirako okha katundu wawo motsitsa mtengo. Kuno ku Britain otchuka kwambiri ndi Bicester Village ku Oxfordshire, omwe anatsegulidwa mu 1995. Mukakwera sitima pa London Marylebone simukwana ola mwafika, ndipo siteshoni yakenso inatenga dzina lomwelo. Akumpoto muli ndi Cheshire Oaks, kufupi ndi Chester. Abale a ku America amadziwa Woodbury Common, kumpoto kwa mzinda wa New York. M'malo ngati amenewa mumapezeka masitolo a TAG Heuer kapena a Movado, komanso Hour Passion, yomwe ndi sitolo ya Swatch Group, eni ake a Longines, Tissot, Rado ndi Hamilton. Masitolo amabwera ndi kuchoka, choncho imbani kaye foni musanawononge tsiku lanu la ofu.

Wotchi yomwe mwaipeza m'sitolo ya kampani yeniyeniyo ndi yeniyeni, pamenepo musakayike. Si yakaunjika, si yobedwa, ndipo si feki. Komabe inafika kumeneko chifukwa kwina inakanika kuyenda malonda. Mwina kampani yasiya kupanga mtundu umenewo, mwina nkhope yake ndi yamtundu womwe anthu sanaukonde, mwina ndi yaikulu ngati chivindikiro cha botolo la manyuchi pomwe fasho yabwerera ku zazing'ono. Zili ngati tomato wa madzulo pa msika, kungoti wotchi siola. Ngati mtundu womwe anzanu anaukanawo inu ukukusangalatsani, mwapata. Koma dziwani kuti mukusankha pa zotsala.

Makampani apamwamba zedi salola n'komwe kuti katundu wawo aoneke pa selo. Mu 2018 zinamveka kuti Richemont, eni ake a Cartier, IWC ndi Piaget, anawononga ndalama pafupifupi mayuro 480 miliyoni m'zaka ziwiri pogulanso mawotchi awo omwe anatsalira m'masitolo, ndipo ambiri anawaphwasula. Analolera kutaya ndalama zonsezo kusiyana n'kuti inu ndi ine tione Cartier itatsika ndi theka. Rolex ilibe outlet kulikonse padziko lapansi. Patek Philippe chimodzimodzi. Chomwe Rolex inayamba kumapeto kwa 2022 ndi kugulitsa mawotchi ogwiritsidwapo kale ntchito omwe yawatsimikizira yokha, kudzera mwa ogulitsa ake ovomerezeka, ndipo mitengo yake si yoti mungaitche yotchipa. Ndiye wina akakutumizirani chithunzi n'kumati, "Achimwene, iyi ndi Rolex ya pa outlet, mnzanga amagwira konko," muyankheni mwaulemu kuti zikomo, ndalama musunge.

Palinso gulu lina lomwe limadzaza magalasi a m'ma outlet: mawotchi a mayina a zovala. Michael Kors ndi Emporio Armani amapangidwa ndi Fossil Group, pomwe Hugo Boss ndi Tommy Hilfiger amapangidwa ndi Movado Group. Dzinalo amachita kubwereka pa mgwirizano. Ndi mawotchi abwinobwino, amatchena, amasunga nthawi. Ine ndilibe nawo chifukwa. Koma amatsika mtengo pafupipafupi moti mtengo wotsikawo ndiye mtengo wake weniweni, ndipo tsiku lomwe mudzafune kugulitsa mudzapeza kuti wogula palibe.

Mu Okutobala ndinaperekeza alamu anga, amuna a mchemwali wanga, ku outlet ina. Iwo amagwira ntchito yosamalira okalamba, mashifiti a maola 12, ndipo anali atasunga kandalama koti agulire bambo awo mphatso ya zaka 70. Anaiona wotchi ina ya ku Switzerland, yachitsulo, yokongola zedi. Kapepala kankati inali £2,000, tsopano £1,400. Wogulitsa, mnyamata waulemu wake, anatinong'oneza kuti yatsala imodzi yokha.

"Alamu, taonani," anatero akumwetulira, "apa ndiye ndapulumutsa 600 yonse."

"Alamu," ndinatero ine, "600 imeneyo ili m'thumba liti? Ine ndikuona 1,400 yomwe ikufuna kutuluka."

Anaseka, koma tinapempha nambala ya mtundu wa wotchiyo, yomwe imalembedwa pa kapepala ndi pa khadi lake, n'kukakhala panja ndi khofi. Wotchi iliyonse ili ndi mitengo itatu. Pali wa pa kapepala, womwe mwina palibe anaulipirapo kwa chaka chathunthu. Pali wa pa outlet. Ndiye pali womwe anthu akugulitsana okhaokha, ndipo umenewu mumaupeza mukalemba nambala ija pa Chrono24, pa Watchfinder kapena pa eBay. Pa eBay muziyang'ana zomwe zagulidwa kale, osati zomwe anthu akungoitanira, pakuti woitanira amatchula mtengo wa kumaloto kwake. Ife tinapeza kuti yofanana nayo, yovalidwapo pang'ono, ndi bokosi lake lomwe, inkapita pa ndalama zosafika £1,000. Kutanthauza kuti alamu akanangotuluka pakhomo la sitoloyo, £400 ikanasungunuka asanafike pomwe tinaimika galimoto.

Sindikuti mtengo wa pa outlet unali wakuba, ayi. Mukagula yatsopano kwa eni ake mumalipira mtendere wa mumtima: waranti ya kampani, ndi kudziwa kuti simunagwidwe m'maso. Zimenezo zili ndi mtengo wake ndipo n'zoyenera kulipira. Koma muzidziwa kuti mukulipira zingati. Mu Epulo 2025 malipiro otsikitsitsa kuno, kwa a zaka 21 kupita m'tsogolo, anafika pa £12.21 pa ola. Pa ndalama imeneyo £1,400 ndi maola pafupifupi 115, mashifiti a usiku pafupifupi khumi, msonkho usanadulidwe. Ine ndimakonda kuwerengera choncho, chifukwa msana umakumbukira bwino kuposa kapepala.

Chomwe chinawabweza alamu kwenikweni si mtengo. Wotchi ija inali ya otomatiki, yopanda batire, yoyenda ndi kugwedezeka kwa mkono. Mawotchi otere ndi amene akatswiri amawakonda, ndipo n'zomveka, m'kati mwake muli luso lodabwitsa. Koma mukaivula n'kuisiya, imaima. Zambiri zimatha masiku awiri osakwana, zina monga Tissot Powermatic 80 zimafika maola 80. Tsono taganizirani madala athu aja. Wotchi yochokera kwa mwana wa ku Mangalande savala popita kudimba. Amaisunga m'sutikesi, pansi pa jekete, kudikira Lamulungu. Lamulungu m'mawa aitulutsa, yaima. Lachitatu Lamulungu akwiya, Lolemba ali nayo kwa wokonza mawotchi wa pakhonde la sitolo ku tauni kuti aikemo batire. Wokonzayo aitsegula ndi kampeni, batire osaipeza, ndipo waranti yathera pomwepo, pakuti makampaniwa savomera wotchi yotsegulidwa ndi munthu yemwe si wawo.

Ngakhale itapanda kutsegulidwa, wotchi ya otomatiki imafuna sevisi pakapita zaka zingapo, ngati galimoto: kuiphwasula, kuitsuka, kuthira mafuta, kusintha timphira totchinga madzi. Kwa eni ake ntchito imeneyi imadya mapaundi mahandiredi angapo, ndipo mtengo wa sevisi sutsika chifukwa choti munagula pa outlet. Wotchi ikakhala ku Kasungu, ndiye kuti idikire munthu wobwera kuno, ipite, ikonzedwe, idikirenso wina wobwerera. Kwa bambo kapena amalume okhala kumudzi, ine ndimalangiza ya batire ya kampani yabwino, kapenanso yoyendera kuwala, monga Citizen Eco-Drive ndi ma Seiko a sola. Dzuwa lokha kwathu silisowa, ndipo silidalira ESCOM. Alamu anagula ya batire ya ku Switzerland komweko pa ndalama yosakwana theka la ija, yotsalayo n'kuwonjezera pa malata a khitchini ya mayi awo.

Amene mukuganiza zogula kuti mukagulitsenso kumudzi, khalani pansi kaye. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ndalama zakunja n'zosowa. Munthu woti atulutse mamiliyoni pa wotchi alipo, koma ameneyo amakwera yekha ndege kukagula ku Dubai kapena ku Sandton. Otsalawo adzaiyang'ana, adzaitembenuza, n'kukuuzani kuti yofanana nayo aiona pa msika wa Limbe pa mtengo wa nkhuku ziwiri. Mudzathera poipereka pa ngongole kwa msuweni, ndipo nonse mukudziwa mmene ngongole ya msuweni imathera.

Za misonkho nazo zimapusitsa ambiri. Kale mlendo wochokera kunja ankagula kuno n'kukabwezeredwa VAT pa bwalo la ndege. Zimenezo zinatha pa 1 Januwale 2021 ku England, Scotland ndi Wales, choncho azakhali akabwera kudzacheza musawalonjeze kuti 20 peresenti ija ibwerera. Ku France akadabweza, ndipo kufupi ndi Paris kuli La Vallée Village, ya eni ake omwewo a Bicester. Koma wokhala ku Britain akamabwerera amaloledwa katundu wosaposa £390 popanda msonkho, ndipo mukapyola pamenepo mumalipira pa mtengo wonse, osati pa kapamwamba kokha. Ku America mtengo wa pa kapepala sukhala ndi msonkho, umaonjezeredwa polipira. Ndipo mukamapita nayo kumudzi ili m'bokosi, yatsopano, lisiti likhale pafupi, a MRA angafune kucheza nanu.

Polipira, kirediti kadi ili ndi ubwino umodzi kuno ku Britain: lamulo la Consumer Credit Act la 1974, gawo 75, limati pa katundu woposa £100 mpaka £30,000, kampani ya kadiyo ili ndi udindo limodzi ndi wogulitsa zinthu zikalakwika. Koma ubwinowo ndi wa munthu yemwe ndalama ali nazo kale ndipo abweza yonse mwezi womwewo. Mukayamba kubweza pang'onopang'ono, chiwongoladzanja chimayamba kudya kuchotsera kuja. Zogula lero n'kulipira m'zigawo, za Klarna ndi anzake, n'zokoma pa tsiku logula lokha. Ndaonapo anthu akudumpha mwezi wa chipereganyu chifukwa cha chinthu chomwe chili pa mkono, ndipo m'gulu anthu amaona mkonowo.

Funsaninso za kubweza musanalipire. Lamulo la 2015 loteteza ogula limakupatsani masiku 30 obweza katundu yemwe ali ndi vuto. Koma ngati mwangosintha maganizo pa chinthu chomwe munagula m'sitolo, maso ndi maso, lamulo silikakamiza wogulitsa kukubwezerani ndalama. Zimatengera sitoloyo, ndipo ma outlet ena amakhwimitsa kuposa masitolo awo a m'tauni.

Ndiye ndani ayenera kugula? Kwa ine, ndi munthu yemwe wotchiyo ankaifuna asanaone kapepala kofiira, ndalama yake ili pambali, lendi ndi fizi za ana a kumudzi zalipidwa, ndipo akugula kuti avale mpaka idzatsale kwa mwana. Munthu wotere akapeza Longines kapena TAG Heuer ya fasho ya dzana itatsika, agule ndipo asachite manyazi. Tinabwera kuno kudzagwira ntchito, koma sikuti tinalumbira kuti kanthu kabwino sitidzakhudzako. Angokumbukira kuuza a inshuwalansi ya m'nyumba, chifukwa ambiri amaika malire pa mtengo wa chinthu chimodzi, komanso azitsitsa mkono wa malaya m'misewu ina ya London, komwe akuba mawotchi amadziwa mitengo kuposa ife.

Musanatuluke m'sitolo, onetsetsani kuti khadi la waranti lalembedwa tsiku lomwe mwagula, osati lomwe wotchiyo inachoka ku fakitale, ndipo nambala ya pa khadi ikufanana ndi ya kuseri kwa wotchi. Funsani kuti warantiyo ndi ya zaka zingati komanso ngati ikugwira ntchito kunja kwa dziko lomwe mwagulalo. Iyang'aneni pa kuwala, chifukwa ina inakhalitsa pa galasi ikuyesedwa ndi mikono yambiri. Ngati ndi ya batire, funsani ngati angaikemo latsopano, poti lomwe lilimolo mwina lagona zaka ziwiri.

Ikakhala mphatso ya kumudzi ndipo lamba wake ndi wachitsulo, tumani mwana ayeze mkono wa madala ndi ulusi, auike pa rula, akutumizireni chithunzi. A m'sitolo adzakuchepetserani lambayo pomwepo. Tizidutswa tomwe achotsato musatisiye pa kauntala, tiikeni m'bokosi, chifukwa kugula kamodzi kokha pambuyo pake n'kodula, ndipo ka mtundu womwe anasiya kupanga kamavuta kupeza.